Dzanja Lamanja la ba Wilbroad

Ba Wilbroad Kapembwa ankanyamula mtendere m'dzanja. Ankaunyamula ngati dzira, dzanja lamanja lili m'mwamba chapaphewa, zala zitapindika pang'ono kuti usatayike. Komboni yonse ya George inkadziwa kuti Lamulungu m'mawa munthu ameneyu sagwidwa chanza mwachisawawa.

Anali mesenjala pa kampani ina ya nsapato mpaka pamene kampaniyo inatseka, zaka zija kwacha inatha mphamvu, unga wa chimanga ukugulidwa ndi makuponi. Ntchito inatha, koma umesenjala sunawathere. Mfundo yawo inali imodzi: chinthu ukatumidwa nacho, umakachipereka kwa mwini wake, m'manja.

Pa tchalitchi cha Angilikani cha mu George, Misa ikafika poti wansembe anene kuti mtendere wa Ambuye ukhale nanu, anthu amagwirana chanza ndi oyandikana nawo n'kukhala pansi. Ba Wilbroad ankayamba ayang'ana mabenchi kuti aone amene sanabwere. Kenaka ulendo wa kuguwa, dzanja lili patsogolo.

"Ba Faza, nipaseni ya ba Musonda, mwendo wavimba futi. Na ya ba Kafula."

Ba Faza Nkole, wansembe wa pamenepo, ankawafinya dzanja kamodzi pa dzina lililonse.

"Onjezelani ya ba Kafula. Ni bakulu thupi."

"Ba Kapembwa, anthu akuyembekeza."

"Na ba Kafula bayembekeza."

Dzina lomaliza linali lomwelo sabata iliyonse: ba Ketty Ngosa. Akatero ankatuluka pakati pa Misa kukapereka mtenderewo kwa eni ake, anthu n'kumawapatukira, ndipo ba Faza ankawasungira mgonero wawo pambali.

Zonse zimene zinkachitika kunja ba Ketty ankaziona, chifukwa kantemba kawo, kathebulo kogulitsirapo tomato ndi timapaketi ta unga, kanali m'mbali mwa msewu umene ba Wilbroad ankadutsa. Ankaona maminibasi akuima mwadzidzidzi poganiza kuti nkhalambayo ikuwaimitsa, makondakitala akutukwana. Anaonanso tsiku limene Jameson, mnyamata wa kutaveni, anatulukira pakona akudzandira n'kungoligwira dzanjalo.

"Mudala, mwauka bwanji?"

"Iwe, watenga ya ba Musonda."

"Natenga chani?"

"Tiye ukapeleke weka."

Anamugwira kolala ndi dzanja lamanzere mpaka kunyumba kwa ba Musonda, kumene Jameson anagwada pafupi ndi mphasa n'kupereka chanza kwa mayi wodwalayo. Ba Musonda anati mtendere wa sabata imeneyo unafika ukununkha kachasu, koma mwendo unaphwa.

Zinthu zitasowa m'mashopu, theka la mpingo linkakhala pa mzere Lamulungu m'mawa. Masiku amenewo munthu ukaona mzere unkangoimapo, za chimene chikugulitsidwa n'kufunsa pambuyo. Ba Wilbroad anawalondola Aangilikani awo komweko. Ankayenda m'mbali mwa mzere wa saladi, mafuta ophikira aja, akusuzumira nkhope, kugwira chanza uyu, kudumpha awa, kugwira uyo. Mayi wina wa ku Lilanda anafunsa mnzake kuti bwanji ena akugwidwa, ena ayi. Mnzakeyo anati mwina ogwidwawo ndiwo alandire shuga. Pamene ba Wilbroad ankatembenuka kuti akatenge mtendere wina, chifukwa unawathera, mzere unatembenuka nawo. Unadutsa pa kantemba ka ba Ketty mwadongosolo, aliyense atasunga malo ake, mabotolo ndi masaka zili m'manja, mpaka unakalowa m'tchalitchi. Ba Faza sanalalikirepo khamu lotero. Anthu anamvetsera ulaliki wonse mwaulemu, ndipo pamapeto bambo wina anakweza dzanja n'kufunsa ngati shugayo ndi wa makuponi.

Ba Ketty anaseka tsiku limenelo, koma atatembenukira kukhoma kuti ba Wilbroad asaone.

Nkhani yawo inali ya sopo. Ba Ketty anali wa bungwe la amayi, ndipo nsalu za paguwa ankachapa ndi iwo. Sopo atayamba kusowa m'dziko, tchalitchi chinali ndi sopo mmodzi wamtali, wosungidwa ngati chinthu chopatulika. Sopoyo anasowa. Wansembe wa nthawi imeneyo, ba Nkole asanabwere, anafunsa pa zolengeza kuti anamaliza kumugwira ndani, ndipo ba Wilbroad, amene ankasesa m'tchalitchi, anaimirira n'kutchula ba Ketty. Sananame. Anangoyankha zimene anafunsidwa, mpingo wonse ukumva. Ba Ketty anavula chitambala cha yunifolomu pomwepo n'kutuluka. Patapita miyezi, anyamata akusuntha kabati anapeza zotsala za sopo uja m'chisa cha makoswe, mano akuoneka. Koma wansembe uja anali atasamutsidwa, ndipo ba Nkole anati nkhani yakale siyenera kudzutsidwa. Ba Ketty analumbira kuti sadzapondamo mpaka makoswewo atatchulidwa paguwa pomwe iwo anatchulidwira.

Ndiye Lamulungu lililonse ba Wilbroad ankamalizira pa kantemba, ndipo ba Ketty akangowaona ankalowetsa manja m'khwapa.

"Ba Ketty, nabwela na yanu."

"Pelekani ku makoswe."

"Makoswe sibanabatizidwe."

"Ine sopo sininabe."

"Niziba. Ine sininakambe ati munaba. Ninakamba ati munagwila."

"Manje sinigwila vinthu va ku tchalitchi. Chokani, mubisa tomato."

Ba Wilbroad sankakwiya. Ankangoti mesenjala sabweza katundu, ndipo wa ba Ketty ankatsalira m'dzanja, sabata pamwamba pa sabata. Anayamba kudandaula kuti dzanja likulemera. Anasiya kudya nalo, kuopa kumeza mtenderewo. Ankadya ndi lamanzere ngakhale pamaliro, anthu akuyang'ana kumbali. Kenaka analikoleka m'chitenje chomangirira m'khosi ngati munthu wothyoka. Alendo akawapepesa n'kufunsa kuti anagwa kuti, iwo ankaloza kantemba ndi chibwano.

Chaka cha kolera, mvula itadzaza zimbudzi, ba Faza analengeza kuti kugwirana chanza kwaletsedwa. Anthu azingoweramirana.

"Manje kuwelama nizakunyamula bwanji?" anafunsa ba Wilbroad.

Anayesa sabata imodzi. Ba Faza anawaweramira, iwo n'kutuluka ali chiweramire, mutu pansi, kuti asawongoke asanafike kwa ba Kafula. Anakagunda pholo la magetsi pafupi ndi msika. Sabata yotsatira anabwera ndi ndowa ya madzi a kolorini. Akuluakulu a mpingo anakhala pansi masana onse kukambirana ngati kolorini sangatsuke mtendere pamodzi ndi tizilombo. Ba Wilbroad anati mtendere umalowa mkati mwa khungu, apo ayi bwenzi wa ba Ketty unachoka kalekale ndi mvula. Akuluakuluwo anangowalola. Kuyambira pamenepo ankayenda ndowa kumanzere, dzanja kumanja: kuviika, kugwira chanza, kuviika. Dzanjalo linatuwa, linang'ambika m'zala, linayamba kufanana ndi phazi la nkhuku.

Ba Ketty analiyang'ana tsiku lina, n'kukankha kabotolo ka mafuta odzola ndi chigongono mpaka kumphepete kwa thebulo.

"Zolani. Munyansa makasitomala."

"Nizole na chani? Iyi ya kumanzele ikagwila iyi, nizalandila yanu ine."

"Ndiye muzafa nayo."

"Ngati ni so, ni so," anatero ba Wilbroad, n'kunyamula ndowa yawo.

Kolera inawasiya. Chinawagwetsa ndi sitiroko, mvula itatha, ndipo inagwira mbali ya kumanja. Dzanja lija linafumbata osatsegukanso. Nesi wa kukiliniki anayesa kuliwongola, iwo n'kumuuza ndi pakamwa popotoka kuti asiye, muli katundu wa eni ake.

Lamulungu loyamba ba Ketty anati apumula. Lamulungu lachiwiri anadzipeza atalowetsa manja m'khwapa pa nthawi yake yomweyo, patsogolo pawo palibe munthu. Kasitomala anachita kuwafunsa ngati akumva kuzizira. Mawu aja akuti mudzafa nawo ankabwerera okha akamapanga milu ya tomato. Kenaka Jameson anaima pa kantemba, ali wosaledzera, n'kunena kuti mudala uja wasiya kudya.

Lamulungu lotsatira, belu la tchalitchi litangolira, ba Ketty anafunditsa tomato ndi saka n'kupita. Ba Wilbroad ankakhala m'kachipinda ka lendi kuseri kwa chigayo. Anali gone pa bedi, ndowa ili pansi pake, chibakera chija chili pachifuwa.

"Nabwela kutenga vinthu vanga," anatero ba Ketty ali pakhomo. "Osati vakuti nakhululuka. Sinifuna chabe kuti bakakushikeni m'manda na katundu yanga."

"Ngenani. Musambe poyamba."

Ba Ketty anaviika dzanja m'ndowa. Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuyamba kutsegula zalazo chimodzichimodzi, zouma ngati nkhuni. Zitatseguka analowetsamo dzanja lawo. Munali mofunda, mopanda kanthu. Zala za nkhalambayo zinabwerera zokha n'kuligwira.

"Ni iyi chabe? Zaka zonse izi?"

"Inali yambili. Ina inauma."

Chigayo chinali chete chifukwa magetsi anali atazima.

"Manje yankhani," anatero ba Wilbroad.

"Niyankhe chani?"

"Mwaibala Misa?"

Ba Ketty anayang'ana kudenga, n'kunena mawu amene mpingo umayankha wansembe, akuti ukhalenso ndi inu. Anawanena mofulumira ngati akutchula mtengo wa tomato. Ba Wilbroad anayamba kuvutika kuti adzuke, mwendo wamanzere ukufunafuna nsapato.

"Muyenda kuti imwe?"

"Yankho ifunika ifike kuli ba Faza. Misa ikalibe kutha."

"Gonani pansi. Simungafike na pa khomo."

"Mesenjala sagona na yankho."

Ba Ketty anawakankhira pa pilo. Anayang'ana dzanja lawo lomwe, likununkha kolorini. Anatsonya.

"Nizapeleka neka."

"Osagwila chinthu pa njila. Kwezani pamwamba. Pindani tuzala."

Anthu a mu George anaona ba Ketty Ngosa akudutsa pamsewu dzanja lamanja lili m'mwamba, nkhope ili gwa. Minibasi inaima. Kondakitala anatsegula chitseko, anayang'ana nkhope ija, n'kutsekanso. Ba Ketty analowa m'tchalitchi nthawi ya zolengeza, ndi epuloni ya pamsika, n'kuyenda pakati mpaka kuguwa. Ba Faza anatambasula dzanja. Ba Ketty anabweza lawo m'mbuyo.

"Iyi ni yanu, yachoka kuli ba Wilbroad. Koma poyamba kambani va makoswe."

"Ba Ngosa, nkhani imeneyo ndi yakale."

"Kuwama kwake ine sinilema. Ningaimilile apa mpaka mawa."

Ba Faza anayang'ana dzanjalo, anayang'ana mpingo. Anakonza kukhosi.

"Chilengezo chomaliza. Sopo anadyedwa ndi makoswe."

Theka la mpingo linali ana ndi obwera kumene, osadziwa kuti ndi sopo uti. Mayi wina kumbuyo anafunsa ngati kwabwera sopo. Koma amayi a yunifolomu anawerama mitu, ndipo ba Musonda, amene anali atabwera ndi ndodo, anati amen mokweza. Apo m'pamene ba Ketty anapereka chanza.

Ba Wilbroad anamwalira sabata yomweyo, manja onse ali otseguka. Pamaliro pawo panabwera anthu amene mpingo sunkawadziwa n'komwe: makondakitala, Akatolika, a Chipentekosite, ndi bambo uja wa shuga. Jameson ananyamula nawo bokosi. Ndowa inatengedwa ndi eni nyumba.

Masiku ano Misa imatha msanga. Ba Faza safinyanso dzanja la munthu kangapo, ndipo palibe mgonero wosungidwa pambali. Amene sanabwere kutchalitchi ndiye kuti sanabwere basi. Ba Kafula anadwala mwezi wathunthu mpingo usanadziwe. Maminibasi amadutsa pa George osachepetsa liwiro.

Ba Ketty anabwerera, koma amakhala pa benchi yomaliza, pafupi ndi khomo. Nsalu za paguwa amachapa ndi sopo wawo, ndipo amabwerera naye kunyumba. Nthawi ya mtendere ikakwana, anthu amagwirana chanza n'kupatukabe pakati, mwachizolowezi, kusiya njira yopita kukhomo. Sipadutsa munthu. Ba Ketty amayang'ana mabenchi, milomo ikuyenda, kuona amene palibe. Wina akawafunsa ngati akufuna kutenga ntchito ya malemu, amati iwo si openga, ali ndi tomato woti agulitse.

Koma dzanja lamanja salilowetsa m'khwapa. Limakhala pamwendo, zala zitapindika pang'ono, mpaka Misa ithe.