Tsiku Limene Ndinadula Dzina la a Daka

Mlongo wanga Misozi akamaonetsa alendo vidiyo ya ukwati wake, pali malo amodzi amene amathamangitsa. Pamalo amenewo pali ine.

Madyerero anali pabwalo lina ku Woodlands, masana a mu Okutobala, ndipo emusii, woyendetsa mwambo, ndinali ineyo (ndinadzipereka ndekha, palibe anandipempha). Ife ndife a ku Kabwata, koma akuchimuna ndi a ku Kabulonga, anthu a Chingerezi chotulukira m'mphuno. Ndinafuna aone kuti nafenso kusukulu sitinkapitira kukasesa. Mlungu wonse ndinaloweza mawu odula amene ndinkawaona pafoni: dijeyi, selebu, ndi ena atsopano, muzo, kutanthauza woimba. Pagalasi la kubafa ankamveka bwino zedi.

Woimba wathu anali a Daka, mdala wa gitala amene anaimbanso pa ukwati wa amayi. Zoimba anasiya kalekale, moti amayi anachita kupita ku Chunga kawiri kukawachonderera kuti nyimbo imene inawalowetsa iwo ilowetsenso Misozi.

Nthawi itakwana, Misozi ataima pachipata, ndinakuwa m'Chingerezi kuti tiombe m'manja, muzo wathu atiyambire.

Palibe anaomba m'manja. Akuchimuna anayang'anana, mawuwo nawonso sankawadziwa. A Daka anavula gitala, n'kuitsamiritsa pampando, n'kupinda manja.

Ndinathamanga kukawanong'oneza. "Ba Daka, yambani, mkwatibwi ali pa geti."

"Itana uyo muzo wako abwele alize," anatero. "Ine nili na zina."

"Ni chizungu chabe, ba shikulu. Bamakamba so masiku yano."

"Bandani? Aba bazungu bako ba ku Kabulonga bamvela?"

Ndinacheuka. Misozi anali chiimire padzuwa, zodzola zikusungunuka kumaso, operekeza mwendo uli m'malere kudikira nyimbo. Amayi anangoweramitsa mutu, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa kukalipiridwa. Mantha anandigwira. Pa ukwati wonsewo iwo anapempha chinthu chimodzi chokha, ndipo ine ndinali kuchiwononga ndi pakamwa panga.

Amalume anandikoka jekete. "Gwada, iwe."

Ndinagwada pakapinga wonyowa, nditavala suti yobwereka, maikolofoni ili m'manja. Ndinayambiranso m'Chinyanja, pang'onopang'ono: a Yohane Daka, ochokera ku Katete, katswiri wa gitala, amene anavinitsa makolo athu ife tisanabadwe.

A Daka anakweza chala. "Na banjo."

Ndinawonjezera banjoyo.

Gitala inalira, Misozi analowa akuvina, amayi anaimba nthungululu misozi ili mbwembwembwe. Ine ndinapumira m'mwamba, kuyesa kuti mlandu watha. Koma nyimbo itatha a Daka anandilanda maikolofoni.

"Timuombeleko m'manja uyu mnyamata wathu, ba Emu," anatero. "Sii tizamupasa akakula."

Anaseka mpaka a ku Kabulonga omwe, ndipo kuseka kwake sikunali kwa m'mphuno.

Papita zaka tsopano. Ana a Misozi sadziwa n'komwe kuti ndili ndi dzina lina, kwa iwo ndine amalume Emu basi. Imvi zayamba kutuluka, koma Sii uja sindinalandirebe.