Madzi m'kamwa, apongozi pakhomo

Mpaka lero apongozi anga akabwera kwathu kuno ku Bembeke amakhala patali ndi ine, kuposa mmene mwambo umafunira. Sindiwaimba mlandu. Ndikanakhala iwo, mwina bwenzi ndikungotumiza moni kudzera pafoni basi.

Ndiyambe ndadzinena ndekha asananene ena: ine ndine wolongolola. Kutchalitchi kwathu ndine amene ndimapereka zolengeza Misa ikamatha, ndipo pali anthu amene amati zolengeza zanga zimatalika kuposa ulaliki wa ansembe (nsanje chabe imeneyo). Kumunda ndimayankhula ndi kachewere. Panjinga ndimayankhula ndi njinga. Mkazi wanga, Nangondo, anazolowera kalekale, amangoti "eya" apa ndi apo uku akuchita zake.

Ndiye Mulungu, poona kuti mawu achuluka m'nyumba mwathu, anatipatsa Dominiko. Mwana wathu woyambayu anakhala pansi nthawi yake, anakwawa, anayenda bwinobwino, koma kuyankhula ayi. Anali kuyandikira zaka zitatu ali ndi timawu tochepa kwambiri: "mama", "ayi", ndi "mee" kutanthauza mbuzi. Zina zonse amangoloza ndi chala. Kumva amamva, ukamutuma chikho amabweretsa chikho. Ana a anzanga obadwa naye limodzi anali atayamba kale kunena mabodza, wanga ali duu.

Nkhaniyi inafika ku Lobi kwa apongozi, mayi ake a Nangondo. Anabwera, namuyasamulitsa mdzukulu wawo, nasuzumira m'kamwamo ngati akugula mbuzi.

"Lilime ili ndi lomangika," anatero, akuyankhula kwa mwana wawo koma kuti ine ndimve. "Pali kamtsempha pansipa. Mukamadzakumba kachewere, ngati adzakhale asanayankhule, ndidzabwera ndi a Nasoko. Amadula ndi lezala, kamphindi kochepa. Adula ana ambiri kwathu kuja."

Usiku umenewo Nangondo sanadye. Inenso, kunena zoona, ndinachita mantha. Koma mkamwini amatsutsa bwanji apongozi? Chomwe ndikanatha n'chakuti mwanayo ayankhule kachewere asanakhwime.

Ndinayamba sukulu yapakhonde. M'mawa, masana, madzulo, ine ndi Domi. Ndimamuonetsa nkhuku n'kumuuza kuti ndi nkhuku, kuti imaikira mazira, kuti tinaigula kwa ndani, ndi zomwe munthu ameneyo anachita paukwati wa mlongo wake. Mwana amangondiyang'ana maso tuzu. Masabata anapita, kachewere anachita maluwa, Domi osawonjeza ngakhale liwu limodzi.

Tsiku la sikelo ndinati ndipite nawo ndikafotokoze ndekha bwino (Nangondo amafupikitsa nkhani). Ndinali mwamuna ndekha pamzere wa amayi. Namwino, mayi wamkulu ndithu wa magalasi, anamuyang'ana Domi pansi pa lilime, namuitana chapansipansi ali kumbuyo kwake, mwana n'kucheuka. Kenako anagwada kuti alingane naye.

"Dzina lako ndani, bwana?"

"Ndi Dominiko," ndinayankha ine. "Dzina la malemu agogo ake aamuna, amene anali..."

"Ndikufunsa mwana, bambo." Anatola supuni patebulo. "Nanga ichi n'chiyani?"

"Supuni imeneyo, Domi. Nena supuni. Ija timadyera phala ija. Amaidziwa ameneyu, kungoti..."

Namwino uja anavula magalasi. Anayang'ana Nangondo. Nangondo anayang'ana kudenga.

"Bambo, kodi mwanayu ayankhulire pati? Lilime lake lilibe vuto, ndipo munthu asaliyandikire ndi lezala. Makutu ali bwino. Mwana wamng'ono ukamufunsa, amamva kaye, kenako amasakasaka mawuwo m'mutu mwake, ndipo kusakako kumatenga nthawi. Inu mukumayankha iye asanapeze n'komwe. Muzimufunsa, muzimuyang'ana kumaso, muzidikira. Mukaona kuti palibe kusintha mubwerenso, timutumize ku Boma akamuone bwino."

Ndinawatsimikizira kuti ndamva. Ndinafotokoza mwatsatanetsatane mmene ndamvera, mpaka mayi wina kumbuyo anafunsa ngati sikelo yasanduka msonkhano.

Uthenga wa namwino tinautumiza ku Lobi. Yankho linabwera lakuti anamwino anabadwa dzulo, a Nasoko anayamba kudula malilime chipatala chisanamangidwe.

Tsono kudikira kuja. Abale anga, ntchito ilipo yolemetsa kuposa kukwera ndi thumba la feteleza pachitunda, ndiyo kufunsa funso lomwe yankho lake ukulidziwa n'kukhala chete. Ndimati "Domi, ichi n'chiyani?" n'kutseka pakamwa, koma mawu amachita kundiyabwa kukhosi. Ndinayesa kuluma mlomo, mlomo unatupa. Ndinayesa kuluma kamtengo, mawu amatulukira m'mbali. Ndinayesa kupemphera chamumtima, ndinapezeka ndikupemphera mokweza, ndi zolengeza zomwe.

Anabweretsa nzeru ndi Nangondo. Anandipatsa kapu ya madzi.

"Mukamufunsa, muzimwa koma osameza. Musameze mpaka iye atayankha."

"Nanga akapanda kuyankha?"

"Ndiye kuti tonse tapumako."

Zinayamba kuthandiza, pang'ono. Ndikakhala ndi madzi m'kamwa, Domi amandiyang'ana modabwa, milomo yake n'kumagwedera ngati akufuna kunena kanthu. Koma ine ndimalephera kupirira, ndimameza n'kumuthandiza, iye n'kubwerera kukaseweretsa dothi. Kachewere uku masamba akuuma.

Loweruka lina m'mawa, chifunga chisanachoke m'mapiri, Nangondo anapita kumjigo. Ine ndinakhala pakhonde ndi Domi, titafunda bulangeti limodzi. Ndinalumbira kuti lero lokha sindimeza ngakhale kugwe chiyani. Ndinaloza galu n'kufunsa kuti "Uyu ndani?", kenako ndinadzaza madzi m'kamwa mpaka masaya tuu. Domi anayang'ana galu, anayang'ana ine. Anatsegula pakamwa. Anatseka. Anatsegulanso. Ndinaona ndi maso angawa kuti liwu lili panjira.

"Odi kuno!"

Chakudza sichiimba ng'oma. Anali apongozi, atabwera kachewere tisanakumbe n'komwe, ndipo pambuyo pawo panali gogo wina wamfupi, wouma, atamanga kanthu pansonga ya chitenje. Sindinachite kufunsa kuti ndani, kapena kuti pansongapo pali chiyani.

Mundimvetse apa. Ndikanameza n'kuti "Fikani", mwana akanatseka pakamwa ngati masiku onse, lezala ili pakhomo. Ndikanapanda kumeza, ndiye kuti mkamwini wakana kuyankha odi wa apongozi ake. Ndinasankha mwana. Ndinatsika pakhonde, ndinanjuta, n'kuyamba kuomba m'manja mwaulemu, masaya ali tuu.

Apongozi anakhala pamphasa. "Mwadzuka bwanji, bambo a Domi?"

Ndinaomba m'manja.

"Ndati mwadzuka bwanji?"

Ndinaombanso, mwamphamvu pang'ono, n'kugwedeza mutu kusonyeza kuti ndadzuka bwino kaya iwo. Misozi inayamba kulengeza chifukwa madzi ena anali atalowera kumphuno.

A Nasoko anasendera kwa apongozi n'kunong'ona, kunong'ona kwa anthu okalamba kumene kumamveka mpaka kumsewu: "Simunandiuzetu kuti ndi bambo ake omwe. Ndiye kuti n'zakumtundu. Tiyambire wamkuluyu?"

"Ameneyu? Ameneyu sakhala chete ngakhale pamaliro," anatero apongozi, tsopano akuoneka amantha. "Chawagwira china chake. Nangondo ali kuti?"

Nthawi yonseyi Domi anali ataima pakati pathu. Mwana ameneyu chibadwire anali asanaonepo bambo ake akufunsidwa funso n'kusayankha. Anandiyandikira, anandisuzumira m'maso, anandigwedeza phewa. Ine zii. Kenako anatembenukira kwa agogo ake, nkhope ili yodandaula kwambiri, nanena momveka bwino, liwu lililonse palokha:

"Agogo. Ababa afa."

Apongozi anagwira pakamwa. Ine mtima unadumpha, chimwemwe chake sindingachifotokoze, koma ndinali ndisanameze. Ndipo Domi, pofuna kutsimikiza ngati ndafadi, anabwerera n'kundidina masaya onse awiri ndi zala.

Sindifotokoza zambiri. Apongozi anali moyang'anizana nane, pafupi, atavala bulauzi yawo yoyera yopitira ku Misa. Madzi onse, amene anali atafunda bwino m'kamwa, anawapeza kuyambira pampango mpaka pachifuwa. Ena anakafika kwa a Nasoko.

Nangondo anafika nthawi yomweyo ndi ndowa pamutu. Anaona mayi ake akudontha, ine nditanjuta, gogo wachilendo akupukuta diso. Anatula ndowa pang'onopang'ono osafunsa kanthu.

A Nasoko anamuitana Domi, namuyasamulitsa, nayang'ana. Anakhudza kamfundo kapansonga ya chitenje kaja, koma sanakamasule.

"Mwanayu musiyeni," anatero. "Munthu wolengeza maliro bwino chonchi alibe vuto la lilime."

"Lilime lofunika kudula lilipo pakhomo pano," anatero apongozi akufinya mpango wawo, osandiyang'ana. "Koma si la mwana."

Apa mpamene ndinayenera kungokhala chete. Koma ndinali ndi zambiri zoti ndinene: kupepesa, kufotokoza za namwino, za kamtengo, za madzi, za mmene mwana amasakira mawu m'mutu ndi chifukwa chake akulu ayenera kudikira. Ndinaimirira n'kuyamba, ndipo ndinafotokoza bwino kwambiri, makamaka mbali ya kudikirayo. Ndili pakati, ndinaona Nangondo akundikodola ndi maso, apongozi akukweza dzanja, onse akuyang'ana pansi pafupi ndi bondo langa. Domi anali akukoka buluku langa, milomo ikuyenda. Pamene ndimatseka pakamwa, iye anali atamaliza.

"Wati chiyani?" ndinafunsa.

Palibe anamva. Tinamunyengerera kuti abwereze, anangoti "ayi" n'kuthamangira galu.

Lero Domi ali sitandade 2, ndipo aphunzitsi ake akudandaula kuti salola anzake kuyankha. Ndinamufunsapo kuti tsiku lija amafuna kundiuza chiyani, koma sakumbukira n'komwe kuti kunali tsiku lotero. Mawu ake enieni oyamba ananena kwa agogo ake. Achiwiriwo anali opita kwa ine, ndipo ndinali ndikuyankhula.