Wogulitsa Mafuta a Tsitsi Wayamba Dazi

Lolemba

Chipeso chadzaza. Ndachotsa, ndapesanso, chadzazanso. Kubafa tsitsi, papilo tsitsi, lina bambo a Chisomo alivuula m'tiyi.

Ine! Ine amene ndimaphika mafuta a nsatsi omeretsa tsitsi! Zaka zonsezi pamsika wa Balaka chikwangwani changa ndi mutu wangawu. Munthu akakayika ndimangovula duku n'kupukusa mutu, amagula osafunsanso.

Ndiye Loweruka likubwerali aNangozo andiitana ku mwambo wolangiza mwana wawo amene akukwatiwa. Gawo langa: kasamalidwe ka tsitsi. Amayi a ku Rivirivi konse adzakhalapo. Anati, "Mudzavule dukulo, adzaone okha." Ndinavomera ndikuseka, wopusa ine.

Masiku asanu. Pulani:
1. Mafuta anga, m'mawa, masana, madzulo.
2. Duku osavula.
3. Pakamwa potseka.

Nkhawa ndilibe. Mwini mankhwala ndine.

Lachiwiri

Ndapaka theka la botolo. Mafuta akutsikira m'makutu, ntchentche zandiperekeza mpaka kudepoti. Tsitsi likuthothokabe, kungoti tsopano likuthothoka lonyezimira.

Abiti Jafali, amene amagulitsa tomato pafupi ndi benchi langa, diso lawo silidumpha kanthu. "Chemwali, duku lero mwalimanga ngati katundu wa ku Joni bwanji?" Ndati chimfine. Akuti chimfine chimenecho n'chachilendo.

Mayi wina wapempha kuona tsitsi langa asanagule. Ndati lili pa mankhwala. Wabweza botolo, wapita. Sizinandichitikirepo.

Lachitatu

Nambala 3 yandikanika. Ndauza Abiti Jafali, ndawalumbiritsa. Pofika masana mzere wonse ukudziwa, ndipo aliyense ndi dokotala:

Wa usipa: wina anatola tsitsi langa kudzala. Ndizilikwirira.
Wa kaunjika: mbalame inamangira chisa.
Abiti Jafali: maganizo. "Amuna anuwo muwafufuze."
Mayi wina amene sindikumudziwa n'komwe: dzira laliwisi ndi madzi a anyezi, osasamba mpaka dzuwa lilowe.

Ndasankha dzira ndi anyezi. Ndi kutentha kwa Balaka kuno! Pofika 3 koloko ndikununkha chiwaya cha tchipisi. Bambo a Chisomo akuti changotsala ndi mchere. Ndawaponyera diso, athawira ku mpira. Mwina ndiwafufuzedi.

Kunena zoona, ndikuopa. Mutu umenewu ndiwo umatidyetsa m'nyumba muno.

Lachinayi

Kuchipatala. Ndasankha cha kutali, mbali ya Machinga, kumene sandidziwa. Ndikungokhala pabenchi, mayi wobereka mwana kumbuyo: "Si inu a mafuta aja?" Iyayi, ndi mkulu wanga, timafanana.

Adokotala ake ndi mtsikana wa msinkhu wa Chisomo wanga. Andivulitsa duku. Atsina tsitsi pang'ono, akoka mofatsa, latsalira m'zala. Ayang'ana khungu: palibe zipere, palibe zilonda, tsitsi likungochepa paliponse. Anditumiza kokayezetsa magazi. Kenako mafunso. Mwabereka posachedwa? Pamsinkhu uno! Munadwalapo kwambiri miyezi itatu yapitayo? Ee, malungo aja anandigoneka m'chipatala, koma ndinachira kalekale.

"Ndi omwewo, mayi. Thupi likadzidzimuka ndi matenda, uchembere kapena nkhawa, tsitsi lambiri limasiya kukula nthawi imodzi, n'kudzagwa patapita miyezi iwiri kapena itatu. Limameranso lokha."

Liti? Akuti miyezi ingapo. Ndati ine ndikulifuna Loweruka. Aseka mpaka kugwetsa cholembera.

Magazi apezeka ochepa pang'ono. Andipatsa mapiritsi owonjezera magazi, akuti nyemba, masamba, mazira. Mazirawo kudya, osati kupaka. Ndiye kuti fungo analimva. Kuluka kokoka tsitsi ndisiye kaye.

Ndafunsa mozemba: nanga mafuta a nsatsi amene anthu ena amagulitsawa?

"Amafewetsa tsitsi, basi. Amayi oyamwitsa amawagula kwambiri, koma tsitsi lawo likanabwerera ngakhale osapaka kanthu."

M'minibasi ndikuyendera makasitomala anga m'mutu, mmodzimmodzi, aja amabwera kudzandithokoza ndi nkhuku. Onse anayamba kugula ali ndi khanda kumbuyo. Onse!

Lachisanu

Sindinaphike mafuta. Nsatsi zili padzuwa, zikuphulika zokha.

Pulani yatsopano: wigi. Abiti Jafali abwereka kwa mphwawo. Ndayesa pagalasi, ndikuoneka ngati woweruza milandu wa kukhoti lalikulu. Bambo a Chisomo alowa, abwerera pakhomo, "Odi, eni nyumba apita kuti?" Komanso ndi yofiirira, yowongoka, yofika m'chiuno. Ngakhale mwana sangakhulupirire kuti ndi nsatsi.

Ndaganiza zodwala mawa. ANangozo atumiza kale chitenje cha yunifolomu, ndi uthenga wakuti dzina langa lili pa pulogalamu.

Loweruka

Tenti, zokuzira mawu, amayi osawerengeka. Mabotolo ndawandanda patebulo. Wigi ili m'chikwama, mtima wakana.

Walankhula wa zakukhitchini, walankhula wa zakuchipinda, anthu akugwa ndi phwete. Anditchula. Ndapita kutsogolo ndikuvina.

ANangozo pamaikolofoni: "Vulani duku, mayi, anthu aone ntchito ya mafuta!"

Ndavula.

Ngakhale woimba nyimbo wazimitsa.

Ndafotokoza zonse. Malungo, miyezi itatu, magazi ochepa. Kuti limameranso lokha. Kuti mafuta anga amangofewetsa, sameretsa. Zoona zokhazokha.

Palibe wamva ndi liwu limodzi. Maso onse ali paliwombo panga. Mayi wina kumbuyo wakuwa, "Kodi mafutawo amatero?" Mkwatibwi wagwira mutu wake ndi manja awiri. Botolo limene ndinamupatsa ngati mphatso layendetsedwa dzanja ndi dzanja mpaka labwerera patebulo panga.

Mabotolo onse ndabwera nawo. Mpunga sindinadikire.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite, uthenga wafika kale kumeneko wopanda ine.

Mafuta anga sanameretsepo tsitsi la munthu, koma anatamandidwa mpaka ku Mposa. Langali sanalithothole, koma aweruzidwa tsiku limodzi. Ndidandaule kwa yani?

Masana odi pakhomo. Mayi wachichepere, khanda kumbuyo, fumbi mpaka m'mawondo. Wachokera kwa Kawinga, za dzulo sanamve. Tsitsi likumuthera, apongozi ake amutuma kwa ine. Akufuna mabotolo awiri.

Mabotolo ali apo, dengu lodzaza. Dzanja langa lanyamuka lokha. Ndalibweza.

Ndamukhazika pamkeka, ndamuuza kuti ndi uchembere, lidzamera lokha, adye bwino, likapitirira akayezetse magazi. Wandiyang'ana kuyambira kuduku mpaka kumapazi.

"Mayi, ulendo wonsewu ndidzamve kuti ndidikire? Ngati simukufuna kundigulitsa mungonena."

Wanyamuka wokwiya, akuti ku Liwonde kuli wina amene mafuta ake ndi amphamvu.

Ndamwa piritsi langa, ndaphika nyemba. Tsitsi libwerera, adokotala anatero. Za makasitomala sananene kanthu.