Mtengo wa Bwemba wa pa Namba Faivi

Lembani, amake Mphatso, ndipo mulembe momwe ndikunenera, musandiyalire mawu ngati mukuyala bedi la mlendo kuloji kwanuko. Ine Tikambenji sukulu sindinaipondepo, nayonso sinandiponde, tonse tili bwinobwino. Kalatayi ipite kwa amuna anu, mwana wanga Yotamu, kukampu ya masikauti olondera nyama zakutchire, akaiwerenge mokweza pamaso pa anzake aja anaseka nawo limodzi nditanena kuti m'chigwa chonse cha Luangwa palibe munthu anamenyapo gofu kuposa ine. Amene akuti ndi bodza abwere adzanene pakhomo pano. Munsi umene ndinamenyera uli kuseri kwa chitsekocho, sunakalambe ngati mwini wake. Ndipo pamwamba penipeni mulembe kuti mtengo uja wa bwemba wa pa Namba Faivi, umene Yotamu akufuna kudula ati mthunzi wake ukumuphera thonje, asaukhudze ngakhale ndi chikhadabo.

Inu munakwatiwa kuno bwalo litafa kale, ndiye mverani. Munda umene mwalimamo thonjewo unali bwalo la gofu la mzungu wina amene tinkamutcha Bwana Tsabola, chifukwa kampira kakamukana ankafiira kuyambira pakhosi mpaka pamwamba pa dazi, moti nkhanga zinkayesa kuti dzuwa likulowa n'kuyamba kukwera m'mitengo nthawi ili leveni koloko. Bwalolo linali lakelake. Ngati sanakuitane, ngakhale ubwere pa ndege utamanga tayi, unkaonera kunja kwa waya pamodzi ndi mbuzi. Maenje analipo naini, lililonse ndi namba yake, ndipo pozungulira dzenje lililonse panalibe kapinga ngati amene munandionetsa pa kalenda uja, kapinga wa chiyani ndi dzuwa lathu lino? Panali mchenga wa mu Luangwa wosefa bwino, wosakaniza ndi oyilo wakutha wa m'thirakitala, ndipo malo amenewo ankawatcha bulauni. Wosalaza mabulauni onse naini ndinali ine. Amuna asanu inawakana ntchitoyo ndi mareki awo achitsulo, ine ndinangobwera ndi tsache, chiguduli ndi mwala wanga wozirira m'nyumba, ndinazira mabulauniwo monga amayi anandiphunzitsira kuzira pansi, mpaka nyerere ikafikapo inkaterereka n'kugwa chagada, ntchentche ikatera inkabzungunyuka mwendo, ndipo madona ochokera ku Lusaka ankadziyang'anirapo popaka milomo. Mukumva?

Bwalo la ku Chipata ndinalionapo kamodzi pa windo la minibasi. Ndi labwino, sindinyoza. Koma kulibe njiri.

Kwathu kuno Namba Wani sindinkaikonda, inali yowongoka ngati msewu wa ku eyapoti, yomupatsa mlendo mtima woti akudziwa. Namba Firii ndiye inali yaulemu. Njiri zinkabwera seveni koloko, n'kugwada m'mizere ngati amayi akumpingo, kumeta udzu mofanana kuposa makina, ndipo faivi koloko ikakwana zinkaimika michira n'kuweruka limodzi ndi ife, osadikira kuuzidwa. Pamenepo panali lamulo lakuti kampira kakagwera m'phazi la njovu, ukhoza kukatola ndi dzanja, koma kakagwera m'ndowe zake umenya pomwepo, ndiye tonse tinkabwerera m'mbuyo n'kufunda zitenje kumutu. Namba Seveni inali m'mbali mwa dziwe, mmene munali ng'ona imene tinkaitcha Maseche, chifukwa inameza timipira tambirimbiri moti ikamayenda inkalira ngati mwendo wa wovina, ndipo malemu amuna anga, atate ake Yotamu, amene ankanyamulira Bwana chikwama cha ndodo za gofu, ankaimva ikadali kutsidya n'kunena kuti, “Bwana, fulumirani, oyimba afika.” Kutentha kukafika pachimake inkatuluka kudzageya, timipira n'kudzaza madengu awiri, toyera mbee ngati tatsukidwa ndi sopo.

Koma Namba Faivi, amake Mphatso. Imitsani kaye cholemberacho ndimeze malovu.

Unkayambira pamwamba pa chulu chachikulu, dziko n'kutsetsereka pang'onopang'ono kupita kumtsinje, kumanzere kuli njira ya mvuu yokumbika ngati ngalande, pakati penipeni pataima mtengo wa bwemba, kuseri kwake bulauni, kuseri kwa bulauni Luangwa akunyezimira. M'mawa pankanunkhira oyilo, mame ndi bwemba wakugwa. Masana antchito tonse tinkakhala mumthunzi umenewo, kukanya bwemba m'madzi n'kumwa, atate ake Yotamu atatsamira chikwama cha Bwana akuwodzera, chipewa kumaso, mapazi ali ng'aa ndi ming'alu. Ine bulauni imeneyo ndinkaizira pomaliza kuti ndichedwepo. Anzanga ankati ndimakonda mthunzi. Ndinkawasiya anene.

Bwana Tsabola yekha ndiye ankadana nawo mtengowo. Amenye kumanja, mtengo unkasunthira kumanja. Amenye pamwamba, unkatalika. Ndinauona ndi maso angawa ukutambasula nthambi n'kuwakha kampira ngati mwana wosewera phada. Ndiye chaka chija cha chilala, chimene tinkadya chimanga chachikasu, kunabwera alendo ake akuluakulu, iye n'kumenya mwamphamvu kuti awaonetse, kampira n'kugunda thunthu, n'kubwerera, n'kumuchotsa chipewa, n'kukagwera m'kapu ya tiyi ya dona wa mlendo. Anafiira mpaka udzu wouma unayamba kufuka utsi. Anati Lolemba nkhwangwa zibwere.

Ndinaika tsache pansi, ndinagwada monga mwa ulemu, ndinati, “Bwana, mtengo sulakwa. Amalakwa ndi womenya.”

Amuna anga anayamba kutsokomola chifuwa chimene analibe. Bwana anafunsa kuti ndati chiyani, iwo n'kumasulira kuti ndati mwaswera bwanji. Ndinabwereza ndekha, ndi manja omwe, mpaka anamva. Anaseka alendo ake akusekanso, ndiye anati, “Chabwino, mama. Loweruka timenye, iwe ndi ine, Namba Faivi. Ukalowetsa ndi kumenya kochepa kuposa ine, mtengo ukhala. Ukalephera, nkhwangwa yoyamba uponya ndiwe, kenako upite kwanu.”

Kunyumba atate ake Yotamu anati, “Mkazi iwe, chaka cha njala chino ukutchova ntchito chifukwa cha zipatso zowawasa?” Ndinangowapatsa madzi osamba.

Loweruka anthu anadzaza waya wonse, a ku Kawaza, a ku Mfuwe, ena kuchoka kumsika atasiya tomato yekha, mbuzi zitakwera pa mbuzi zinzake kuti zione. Bwana anayamba. Koyamba anagunda mtengo, monga mwa masiku onse. Kachiwiri anauzungulira. Kachitatu anafika pa bulauni, kachinayi kampira n'kulowa. Folo. Anandipatsa ndodo yake yonyezimira, ine ndinaigwira, ndinati kamtengo aka sikangatakase ngakhale phala la mwana, bweretsani munsi wanga wa tsanya. Ndinamanga chitenje m'chiuno kawiri, ndinalavulira m'manja, ndinaimba kanyimbo kosinjira kuti mkono upeze nthawi yake, ndiye ndinatembenuza munsi.

Mukumva? Lembani bwino pamenepa, musasiye kalikonse.

Kampira kananyamuka ndi mluzu woti agalu a ku Jumbe anauwa, kanapyola pakati pa makutu a nyamalikiti imene inkaonerera, kanakwera kupitirira miimba, miimba n'kuyang'ana kumwamba koyamba chibadwire, ndege imene inkafuna kutera ku Mfuwe n'kuima m'malere kudikira kuti kadutse, woyendetsa atatulutsa dzanja pa windo kuti pitani amayi, ndiye kanaboola mtambo umodzi wokhawo umene unalipo chaka chimenecho, mvula n'kugwa pamunda umodzi basi, wa mkazi wamasiye wina amene anakolola maungu mpaka chaka chinzake, kuchoka pamenepo kanalunjika ku Msoro, n'kukagunda belu la tchalitchi, belu n'kulira, anthu n'kusiya makasu kuthamangira kumapemphero akudabwa kuti sabata ino yafupika bwanji, kampira n'kubwerera katatentha psuu, n'kutera pamsana pa mvuu imene inagona mumtsinje, n'kunjanja, n'kugwera m'kamwa mwa Maseche imene inkayasamula, Maseche n'kupsa lilime, n'kukalavula pamodzi ndi timipira tina makumi atatu ndi wotchi ya mlendo wina ikuyendabe, nyani wamkulu n'kuwakha kanga kokha pakati pa tonseto poyesa dzira, n'kukaluma, n'kuguluka dzino, n'kukaponya mokwiya, ndipo kanadzagwera m'mphepete mwa bulauni yanga, kanazungulira dzenje katatu ngati nkhuku yofuna poikira, kanaima, kanandiyang'ana, ine ndinangogwedeza mutu, n'kulowa. Kumenya kamodzi. Mthunzi wa mtengo usanasunthe ngakhale kutalika kwa chala.

Akufa andimve ngati ndanama. Atate ake Yotamu anakhala pansi, paminga penipeni, osamva kubaya, ndipo kuyambira tsiku limenelo mpaka kumwalira kwawo sanandifunsenso kuti ndiwo zachedweranji.

Mtengo unakhala. Bwalo ndi limene linapita. Bwana anadwala miyendo, ana ake anabwera kudzamutenga, waya anthu anamasula kukatchingira nkhuku, njovu zinayenda pa mabulauni anga mpaka kusanduka zithaphwi. Njiri zinabwerabe seveni koloko kwa chaka chathunthu, zikugwada, zikudikira munthu woti amenye. Chaka chathachi ndinapita ndi ndodo yanga yoyendera kukafuna dzenje la Namba Faivi, ndinafukula ndi chala, mchenga wake ukadanunkha oyilo. Ndinakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka.

Mwasiyiranji kulemba? Mukundiyang'ana ngati wogulitsa mankhwala a pamsika. Chabwino. Mwala wozirira uja ndinakupatsani inu, ndiye inu sindingakubisireni ntchito yake.

Kuyambira Lachitatu mpaka Lachisanu, ena akaweruka, ine ndinkatsikira m'njira ya mvuu ija. Mvuu imayenda malo amodzimodzi chibadwire, ndipo njira yake imeneyo inkayambira patsinde pa chulu, n'kudutsa pansi pa nthambi, n'kukatulukira pafupi ndi bulauni. Chilala chinaiumitsa gwa. Ndinachotsamo timiyala, ndinatseka ming'alu ndi dothi la pachulu, ndinaizira yonse ndi mwala, chogwada, mpaka mawondo anasupuka, zipsera zake ndi izi. Bulauni nayonso ndinaipendeketsa pang'ono ngati lichero, pakati pakhale potsika. Loweruka lija kampira sindinakakweze m'mwamba ayi. Ndinakagogoda ngati ndikupuntha chimanga, kanagwera m'ngalandemo, n'kumatsetsereka kokha ngati madzi, kudutsa pansi pa mtengo umene Bwana ankalimbana nawo pamwamba. Kanaima kawiri, ndinakakankha kawiri. Firii. Iye folo.

Bwana sanali chitsiru. Anatsikira m'njiramo, anagwada, anaona mizere ya zala zanga padothi, anayang'ana mawondo anga. Sanafiire. Anafunsa pang'onopang'ono, m'Chinyanja chake chothyokathyoka, kuti, “Mama, pa mtengo pali chiyani?”

Ndinati, “Bwemba, Bwana.”

Anavula chipewa, n'kuuza kapitawo kuti nkhwangwa zibwerere kosungira zida.

Sindikanamuuza. Zimenezi mwamuna sauzidwa, ngakhale amuna anga anapita kumanda osadziwa chimene chili pamtengopo. Waya usanabwere, pamenepo panali kuseri kwa mudzi wathu wakale. Yotamu asanabadwe ndinabereka mwana wamkazi amene sanalire. Mwana wotero saliridwa maliro, sapita kumanda a anthu onse, amamutenga amayi akuluakulu okhaokha n'kukamuika mwakachetechete, mwini mwana uli m'nyumba. Ine sanandionetse. Patapita zaka, azakhali anga akudwala, ndi pamene anandinong'oneza kuti ali patsinde pa bwemba, mbali ya kumtsinje. Tsiku limene ndinamva kuti mzungu akufuna munthu wosalaza mchenga pamenepo, ndinafika pageti tambala asanatsike. Zaka zonse zija ndinkazira pakhomo pa mwana wanga.

Ndinasunga mwambo kwa Bwana, ndinausunga kwa amuna anga. Koma nkhwangwa ya chaka chino ili m'manja mwa mwana wanga yemwe, ndipo mawondo awa sangazirenso njira ya mvuu. Ndiye lembani. Akuluakulu akandifunsa kumene ndikupitako ndikayankha ndekha. Yotamu, mthunzi umene ukuti ukukuphera mizere isanu ya thonje ndi denga la mlongo wako. Phala la bwemba limene unakulira lija linkachokera kwa iye. Lima mozungulira.

Pukutani m'maso, amake Mphatso, mudontheza pa pepala. Mwalemba zonse? Za firii zija zikhale, poti ndanena kale. Koma za belu la ku Msoro musafafanize ayi. Limenelo linalira, ndipo amene akukana apite akafunse.