Hita ya Pikapu Yanga ndi Mapazi a Apongozi

Lolemba, 14 Julaye
Chiperoni chafika ndi abale ake onse. Phiri la Soche silikuoneka, kaya eni ake alitenga. Koma nkhani ndi iyi: Loweruka kuli chinkhoswe cha mlamu wanga ku Bvumbwe, ndipo apongozi, mayi ake a mkazi wanga, avomera kukwera pikapu yanga. KUTSOGOLO! Chikwatirireni mwana wawo, amangokwera kagalimoto ka a Likoswe, mkamwini mnzanga wa tayi uja. Ine ngati ndimayendetsa wilibala. Ndawalonjeza kudzera kwa mkazi wanga, make Chisomo, kuti nyamakazi yawo ikasungunuka tisanafike pa Chigumula, m'galimoto mwanga ndi mu uvuni wa buledi.
Ndikutsegula hita. Kukutuluka kampweya ngati mphaka akuusa moyo.

Lachiwiri, 15 Julaye
Palibe vuto. Ine sukulu ndinaisiya poopa kuchititsa manyazi aphunzitsi. Zomwe ndaona:
fyuzi: yamoyo
fani: ikuzungulira, yalavula masamba ouma ndi mphemvu yokalamba
madzi mu lediyeta: ndawonjezera a mumgolo
kumenya khofi pa dashibodi: wayilesi yomwe inafa chaka chatha yadzuka, hita ayi
Make Chisomo: "Bwanji amayi angotenga bulangete?" Bulangete! M'galimoto ya ine?

Lachitatu, 16 Julaye
Ku Limbe kwa a Saidi, makanika wa pansi pa mtengo. Akutsegula boneti, akuseka. Themositati, kachitsulo kothandiza injini kutentha msanga, mulibe. Kuno aliyense amachotsa, eti n'za kumayiko a chisanu. Nanga chisanu chikundidya zalachi n'cha dziko liti? Ndagula ina pamsika, yakale koma ya nkhope yaulemu. Injini tsopano ikutentha bwino. M'kati: firiji ya m'butchala.

Lachinayi, 17 Julaye
A Likoswe pa foni: "Akulu, zikavuta musadzikakamize, kwanga ngakhale mipando imatentha." Munthu wamkulu, wa ana, kunyadira kuotcha matako a anthu!
A Saidi apeza china. Mapaipi awiri opita ku hita, wina anawazula n'kuwalumikiza okhaokha. Madzi otentha akungozungulira ku injini, m'kati osalowa. "Amene anachita izi sanali wamisala, bwana." Ine ndikuti abwezereni m'malo mwake. "Mwanena ndinu." Eya, ndanena ndine, mwini galimoto.

Lachisanu, 18 Julaye
MOTO!!! Ndikuzungulira tauni ndi malaya amodzi, mawindo otseka, thukuta kamukamu. Anthu m'maminibasi akhwinyata m'majekete, ine ndikuwabayibitsa. Mbatata itha kupsa pa mpando. Kafungo kena kotsekemera kakumveka, galasi likuchita nthunzi pang'ono, koma ndi nyengoyi. Ndadzera dala ku Kanjedza, pageti pa a Likoswe, n'kuimba hutala mpaka agalu a mzere wonse andidziwa.

Loweruka, 19 Julaye
Apongozi kuwindo, nsalu yatsopano ya chinkhoswe, nsapato zoyera mbee. Make Chisomo pakati, monga mwa mwambo: ine ndi apongozi sitiyang'anana, mawu amadzera mwa mwana wawo. Hita mpaka kumapeto.
Pa Chigumula: "Muwauze bambo kuti kwafunda, zikomo." Mtima wanga ukuvina beni.
Patsogolo pang'ono: "Muwauze bambo kuti kwafunda kwambiri." Ine: "Auzeni kuti apa ndangoyamba."
Kenako zii. Ine ndikuti agona ndi kukoma.
Kumeneko madzi otentha, ofiira ndi dzimbiri, akuchucha pansi pa dashibodi, pamapazi pawo penipeni. Mayi wamkulu wakweza miyendo m'malere, wagwira chitseko, ali duu, chifukwa mkamwini sauzidwa pamaso kuti akukuphika. Wotipatsira mawu ali pa foni, akukangana ndi wophika keke. Ine maso pamsewu, ulemu wokhawokha. Kungocheuka kamodzi kokha, ine!
Tikulowa m'Bvumbwe, nthunzi tolotolo, injini zii. Apongozi akutsika. Nsapato ngati zaponda dothi la katondo, nsalu ngati akolopera galaja. Ndipo ndani akuima kumbuyo kwathu, kutsegula chitseko mogwada? Sindilemba dzina lake.
Ku chinkhoswe ndafika wapansi, mpunga utatha.

Lamulungu, 20 Julaye
Mapazi a apongozi sanapse, angofiira, akuwapaka mafuta. Make Chisomo akundiyankha ndi zitseko. A Saidi andikokera ku Limbe, alumikizanso mapaipi aja okhaokha poti hita njobooka kalekale, akungoimba mluzu. Kuposa kunditukwana. M'kati mwabwereranso firiji, ndayendetsa nditavala masokosi m'manja.
Masana uthenga wafika kudzera kwa make Chisomo, atayang'ana khoma. Apongozi akuti sanakwiye, ndine mkamwini wabwino, wakhama. Pa ukwati wa mwezi wamawa andipatsa kale udindo: ndikanyamule mbuzi. Zimenezo akuti zili ndi ubweya wake.