Dimba Limene Setilaiti Sinalione

Kwa Wolemekezeka Bwana Mkulu woona za mapu a ulimi wothirira,

Ndine Gilibati Kaduya wa ku Nathenje, mwana wa Mayi Enifa, wapampando wa kalabu ya amayi olima tomato kudambo. Kalata yanu tailandira ndi manja awiri. Mwati setilaiti, makina aja ojambula dziko ali mlengalenga, yaonetsa kuti dimba la amayiwa ndi louma, choncho Lachisanu mudzazula pampu ya sola imene munawabwereka. Mundilole ndithokoze pa zinthu zingapo.

1. Zikomo potidziwitsa. Amayi akhala akugulitsa tomato m'mabeseni pamsewu osadziwa kuti akumuthyola m'dimba lopanda kanthu.

2. Zikomo posankha chithunzi cha mu Sepitembala. Mwezi umenewu kuno anthu amatentha tchire posaka mbewa, nawonso a makala ku Dzalanyama ali kalikiliki, moti ukaima pa Mitundu mapiri a Dzalanyamawo suwaona. Kuyunivesite anatiphunzitsa kuti kuwala kochokera pamasamba kumadutsa mumpweya kusanafike pa setilaiti, ndipo utsi ndi chinyezi zimadyako mitundu ina ya kuwalako. Kompyuta imayenera kuuzidwa kuti zadya zochuluka bwanji kuti ibwezere. Ikanamizidwa, dimba lobiriwira limaoneka ngati bwalo la mpira.

3. Nditafika ku ofesi kwanu, a Efulemu oyendetsa kompyutayo anandionetsa manambala a mpweya amene amagwiritsa ntchito. Akuti manambalawo anabwera ndi kompyutayo kuchokera kudziko lozizira, ndipo chibwerereni palibe anawakhudzapo poopa kuwononga katundu wa ofesi. Ndiye kuti, bwana, tomato wa ku Nathenje mwamuyeza ndi mpweya wa azungu. Ulemu woterewu sitinauyembekezere.

Ndinapempha maola awiri okha kuti ndikonze manambalawo, ulere. Anandiyankha kuti ndilembe kalata yofunsira ntchito. Ndinalemba kale zinayi, bwana. Kapena nazonso zinaphimbika ndi utsi.

Pampuyo ikachoka, amayi khumi ndi awiri abwerera kotunga ndi ndowa, ena mwa iwo misana inatha kale, ndipo tomato wachiwiri ali pamaluwa. Dzuwa la Okutobala silidzadikira kuti chithunzi china chijambulidwe.

Pempho langa ndi laling'ono zedi. Lachisanulo musatume dalaivala yekha. Mubwere inu eni ake, mudzaime pakati pa dimba loumalo musanagwire sipanala. Koma chonde mudzavale majombo, nsapato zanu za ku ofesizo zingatsalire m'matope.

Ine wanu wodzichepetsa, wokhala ndi digiri m'sutikesi,

Gilibati Kaduya
Nathenje