Mtondo wa Agogo Upita ku Myuziyamu

Lolemba

Chiuta ngwabwino! Ngwabwino, ngwabwinonso! Wongani wanga, mwana wa mlongo wanga, yemwe ndinkamupukuta mamina ndi chitenje changachi, wapeza ntchito ku myuziyamu ku boma! Shati ya kolala, kakhadi kolendewera pakhosi. Ntchito yake ndi kuyenda patsogolo pa alendo n'kumaloza zinthu ndi chala. Kulipidwa chifukwa choloza! Sukulu ndi yabwino, anthuni.

Dzulo anabwera kudzandiona kuno ku Wovwe. Pozungulira kuseri anangoima njii pa khola la nkhuku, maso pa mtondo wa agogo, wong'aluka uja, womwe thadzi langa limaikiramo mazira. Kuusisita ngati khanda. Akuti, "Ankhazi, ichi ndi chuma. Mubwere nawo Lachisanu abwana adzauone. Akaulandira ulowa m'galasi, pansi pake alembapo dzina la mwini wake."

Dzina la mwini wake! Ine! Wa sitandade folo!

Ananenanso zina pokwera njinga, koma ine ndinali nditayamba kale nthungululu.

Lachiwiri

Ndauza anthu atatu okha. Pofika masana sikimu yonse ya mpunga ikudziwa. Amayi anzanga a Umanyano ku tchalitchi agwirizana kale: Loweruka tonse ku boma, minibasi yathuyathu, kukaona dzina langa m'galasi.

NyaGondwe, wa nyumba yoyandikana nane, yemwe chabwino cha mnzake chimamudwalitsa mutu, akuti, "Mtondo uti? Uja wa zitosi?"

Mawuwo andilasa. Ndapita kukauyang'ana ndi maso a mlendo. Zoonadi:
wakuda bii,
mng'alu kuchokera pakamwa mpaka m'chiuno,
womangidwa ndi chikopa cha ng'ombe chouma gwaa,
m'mbali timizere tomwe agogo aamuna anatema ndi mpeni, todzaza litsiro,
fungo osanena.

Mlendo akamabwera timasesa pabwalo. Ndiye chinthu chotere ndichitumize kumene kumafika azungu ndi makamera? Akati ife a kwa Msiska ndife auve? Ine ndili moyo, ayi.

Thadzi ndalisamutsira m'beseni. Likundiyang'ana moipa.

Lachitatu

Ntchito ilipo lero! Madzi otentha, sopo, mchenga, phulusa. Chikopa ndadula ndi chikwanje, galu wathawa nacho. Chikopa chitangochoka mng'alu wayasama ngati ng'ona, ndiye ndathiramo simenti yotsala pa khonde. Timizere ta agogo takana kuyera. Kalipentala wa pa msika wandibwereka sandipepa, ndapala mpaka tonse tatha. Tsopano ndi wosalala see, ngati tsaya la mkwatibwi.

Msana ukuwawa koma mtima ukuvina.

Wongani waimba foni: "Ankhazi, mtondo uli bwino?" Ndangoti, "Mwana wanga, sukauzindikira." Waseka. Ine ndasekanso. Mayunitsi amuthera.

Lachinayi

Penti! Alamu anga openta maboti ku Chilumba andipatsa yabuluu, yowala, yoti ngakhale mafunde sangaichotse. Ndapaka kawiri. Kunja ndi mkati momwe, chifukwa azungu amasuzumira.

Kenako ndaganiza: nanga a ku ofesi akaiwala kulemba dzina? Kapena akalemba la mlongo wanga, poti mwana ndi wake? Ndatenga penti yoyera ndi nthenga ya nkhuku, ndalemba ndekha zilembo zikuluzikulu: NYAMSISKA. Malo anandithera, KA ali pansi payekha. Koma akuwerengeka.

NyaGondwe wasuzumira pa mpanda: "Mwagula diramu?"

Nsanje ilibe mankhwala.

Amayi a Umanyano akuphunzira nyimbo yoti akaimbe pa galasi. Muli dzina langa kawiri. Ndasita chitenje chomwe ndikusungira ukwati wa Wongani, ngakhale mkazi sanamupezebe.

Lachisanu

Kondakitala akuti mtondo ulipire ngati munthu. Chabwino, ndiye ukhale pa mpando ngati munthu! Wakhala. Koma penti sinaume bwino. Bambo wina wa jekete yoyera watsika ndi phewa labuluu, mawu omwe wandisiyira sindingalembe muno.

Myuziyamu ndaidutsa zaka ndi zaka popita kogulitsa mpunga, kulowa ayi. Ndimati ndi ya azungu ndi ana a sukulu. Lero ndalowa. Mayo ine! Chinyama cha mafupa okhaokha, khosi lake lofika kudenga. Nyama yake anadya ndani, palibe akunena. Kwinako miphika yosweka, maunyolo adzimbiri, makasu otha ngati supuni. Zonse m'galasi, zonse zosatsuka! Mumtima ndikuti, apa wanga wawina.

Wongani watuluka, waona mtondo, wagwira mutu ndi manja onse.

"Ankhazi! Ndinanena kuti musaukhudze!"

Abwana ake ndi mayi wa magalasi, waulemu ndithu. Auzungulira mtondo pang'onopang'ono ngati akuona nkhope pa maliro. "Mama, chikopa chija chili kuti? Nanga zotematema zomwe Wongani amanena?" Ndafotokoza zonse, sandipepa ndi simenti yomwe, ndikudikira kuti ayamikire. Iwo akuti, "Pepani mama. Ife timafuna chinthu mmene anachisiyira eni ake. Litsirolo ndi mng'aluwo ndiye mbiri yake."

Litsiro! Ndiye kudzala kwathu kuja ndi sukulu yaukachenjede.

Akana. Mwaulemu, ndi madzi akumwa, koma akana.

Mphamvu yobwerera nawo ndilibe. Ndausiya kwa alonda pa geti, ndidzautenge mawa. Amayi sindinawauze. Ndiyambire pati? Minibasi analipira kale, mandazi akazinga kale.

Loweruka

Ndapemphera kuti minibasi iwonongeke. Minibasi yomwe imafa pa mlatho uliwonse, lero ikuthamanga ngati yatsopano. Amayi akuimba njira yonse. Ine ndikuti mutu ukundiwawa.

Tafika pa geti. Mtondo uli pomwepo, wabuluu, ukuwala padzuwa. Mkati mwake:
makoko a nthochi,
zitsotso za nzimbe,
mapepala a mafilizesi,
botolo.

Kunabwera ana a sukulu m'mawa. Alonda akundithamangira, kumwetulira mpaka m'makutu: "Yewo chomene, mama! Bini yathu inabooka kalekale!"

Dzina langa layang'ana kumsewu.

Nyimbo yazima. NyaGondwe wamaliza nthochi yake osafulumira, wayenda mpaka pa mtondo, waponyamo khoko. "Koma dzina likuonekadi," akutero.

Wongani, Chiuta amudalitse, wangoti, "Amama, tiyeni mkati!" Zolowera walipira yekha, amayi onsewo. Ndipo akuloza bwino mwana uja! Amayi aiwala za ine. Akukangana ngati chinyama chija chinali ndi mkaka. Agogo NyaMhango aima pa khasu lina, akulira, akuti ndi ngati la adada awo, mpaka Wongani wasiya kuloza, wayamba kumvetsera iwo. Nanenso misozi inabwera pang'ono, koma yanga inali ya nkhani ziwiri.

Potuluka ndikumva NyaGondwe akuuza abwana aja: "Kwathu kuli nkhali ya amama, ili kuseri kwa bafa, ya mwaye, yobenthuka pakamwa." Maso a abwana gwaa! "Mubwere nayo. Koma chonde mama, musaitsuke!"

"Musadandaule," akutero NyaGondwe.

Asadandauledi. Mayi ameneyo sanatsukepo chinthu chiyambire.

Lamulungu

Ku tchalitchi ndakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Abusa alalikira za manda opaka njereza. Amayi awiri atembenuka. NyaGondwe wakhala kutsogolo, akuyenda kale ngati munthu wa m'galasi.

Masana Wongani waimba. Akuti alonda akupempha mtondo ukhale, pa geti sipanayerepo chonchi. Akuti abwana avomera. Akuti, "Ankhazi, mwanjira ina uli ku myuziyamu ndithu."

Mwanjira ina.

Ndati ukhale. Kuno ndiutani? Kusinjiramo mpunga sindingathe, utuluka wabuluu. Agogo anausunga ndi chikopa chimodzi moyo wawo wonse, ine ndaumaliza ndi sopo masiku awiri. Ukhondo wandipha.

Ndamuuza Wongani kuti asadandaule za zolowera zija. Mpunga ukangogulidwa, mwezi ukatha, ndimutumizira ndalama yake yonse pa foni, ndi kena pamwamba ka penti yabuluu, kachitini kakang'ono, afute dzinalo. Pakadali pano apemphe alonda autembenuzire kukhoma.